Mphamvu ya thalakitala ili mu oyilo

(Kanyimbo kotsegulira pulogalamu, kenako katsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Lero tikamba za thalakitala yaing'ono, ija ya mphamvu zoyambira 20 kufika 50 horsepower, ndi zida zake zoyendera hydraulic: pulawo, ridger, ngolo yodzikhuthula yokha, ndi chifosholo chakutsogolo chija chimanyamula manyowa ndi mchenga.

Nkhaniyi mwaiitanitsa ndinu. Makopaletivi ena asonkha ndalama, ena mwapuma pantchito mwalandira kangachepe, ena ana anu ali ku Joni akuti agule makina atumize kumudzi. Funso lanu limakhala limodzi: tigule ya mtundu wanji? Ine ndiyamba ndi funso lina, limene ambiri safunsa mpaka zinthu zitavuta: kodi chimene chimanyamula pulawo n'chiyani?

Chaka china, kumayambiriro kwa November, ndinapita kwa bambo wina m'boma la Kasungu. Anali atagula thalakitala yogwirapo kale ntchito, yooneka bwino ndithu. Injini imalira mokoma, utsi wochepa, matayala abwino. Koma atakoka ndodo kuti pulawo ikwere, mikono yakumbuyo inangonjenjemera, n'kukwera pang'ono, n'kugweranso pansi. Makaniko atamasula kachitseko kapansi, oyilo anatuluka wotuwa ngati thobwa. Titafunsa, zinadziwika kuti mnyamata woyendetsa ankathiramo oyilo aliyense amene wapezeka, kuchokera m'chigubu chimene kale ankatungira madzi, fanulo yake botolo lodula limene linkagona pansi m'fumbi. Pampu inali itatha. Yatsopano inatenga masabata atatu kuti ifike. Mvula yodzalira inagwa, inapita. Anthu amene analipiriratu kuti awalimire anabwera kudzafuna ndalama zawo, ndipo bamboyo analima munda wake ndi khasu, thalakitala ili chiimire pansi pa mtengo wa mango. Ndinamva chisoni kwambiri tsiku limenelo, chifukwa chimene chinapha makina a ndalama zambiri chonchija ndi chigubu ndi botolo.

Tiyeni timvetse bwino mmene zimayendera. Aliyense anaonapo jeke ya galimoto, kabotolo kachitsulo kaja kamene mwana wasukulu amatha kukwezera lole. Mkati mwake muli oyilo, ndipo oyilo ali ndi khalidwe limodzi lofunika: sapanikizika. Mukamukankha mbali ino, iye amakankha mbali inayo ndi mphamvu yomweyo pamalo paliponse pamene wakhudza. Lamulo limeneli analifotokoza ndi katswiri wa ku France, Blaise Pascal, m'zaka za m'ma 1600. Mu thalakitala, m'malo mwa dzanja lanu pali pampu imene imazunguzidwa ndi injini. Pampu imakoka oyilo kudzera musefa, n'kumukankhira ku mavalavu. Ndodo imene woyendetsa amagwira ija imangotsegula kapena kutseka njira. Njira ikatseguka, oyilo amalowa mu silinda, chitsulo chimatuluka, pulawo imakwera. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo.

Koma tamverani kukula kwa mphamvuyo. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wa 2 bar kapena kuposerapo pang'ono. Oyilo wa hydraulic mu thalakitala amafika pakati pa 150 ndi 200 bar. Kuti mphamvu yotereyi isathawe, zitsulo za mu pampu ndi m'mavalavu zimagwirana mothina kwambiri, mpata wake ndi wochepa kuposa tsitsi limodzi. Ndiye taganizirani kamchenga kamodzi kakalowa mmenemo. Kamazungulira ndi oyilo tsiku lonse, kakukanda pampu, kakukanda valavu, kakudula mphira wa mu silinda, ndipo tizitsulo timene kapala timasanduka mchenga winanso. Fumbi la mwezi wa October limene timalimamo lija ndilo mdani wamkulu wa thalakitala yanu, kuposa miyala ndi zitsa.

Choncho oyilo azichokera m'chigubu chake chotseka, fanulo ikhale yotsuka ndipo izisungidwa m'pepala la pulasitiki. Musanatsegule pothirira, pukutani mozungulira. Timilomo tija tolumikizira mapaipi a ngolo kapena a chifosholo tizipukutidwa nthawi iliyonse musanalumikize, ndipo mukachotsa vindikirani. Zivindikiro zikatayika, mangani kapepala ka pulasitiki ndi mphira. Paipi isamakhwekhwerezeke pansi.

Ndipo oyilo si mmodzi. M'mathalakitala ambiri ang'onoang'ono, oyilo yemweyo ndi amene amasamalira magiya, amayendetsa hydraulic, ndipo mwa ena amanyowetsanso mabuleki amene ali mkati. Pa zigubu zambiri za oyilo wotere pamalembedwa UTTO. Mukathiramo oyilo wakuda wochotsa mu injini, kapena oyilo wolimba wa magiya a lole, mabuleki amayamba kulira, pampu imavutika kukoka m'mawa kukazizira. Buku la thalakitala yanu limanena mtundu wake ndi maola osinthira, ndipo ngati mwagula yopanda buku, funsani kwa ogulitsa mtundu umenewo musanathire chilichonse. Oyilo amayankhula, tikamamuyang'ana. Akatuwa ngati mkaka, mwalowa madzi. Akachita thovu, pena pake pakulowa mpweya kapena wachepa. Akada n'kumanunkha kupserera, watentha mopitirira. Pampu ikayamba kulira mokwiya, imani, yang'anani sefa. Musadikire kuti mumalize kaye ekala.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Muli kumvera pulogalamu ya zaulimi, ndipo tikukamba za thalakitala yaing'ono ndi zida zake. Tsopano tizungulire kumbuyo kwake, kumene kuli mikono itatu: iwiri pansi, umodzi pamwamba. Ambiri timangoiona ngati zokolekera, koma pali nzeru yaikulu pamenepo.

Mathalakitala oyambirira ankakoka pulawo monga zimakokera ng'ombe, ndi tcheni kapena chitsulo chimodzi. Pulawo ikakodwa pa chitsa, matayala akumbuyo ankapitiriza kuzungulira, mutu wa thalakitala unkadzuka, n'kugwa chagada pamwamba pa woyendetsa. Anthu ambiri anafa motero. Mwana wa mlimi wa kumpoto kwa Ireland, Harry Ferguson, anavutika nayo nkhaniyi zaka zambiri, ndipo mu 1926 analembetsa nzeru yake yomangirira pulawo ku thalakitala kuti ziwirizi zikhale thupi limodzi. Mu 1939 kampani ya Ford inatulutsa thalakitala yotchedwa 9N yokhala ndi mikono imeneyi, ndipo mu 1946 ku Coventry, ku England, anayamba kupanga kathalakitala kotuwa kotchedwa TE20. Dzina la Ferguson ndi lomwe lija timaliwerenga pa Massey Ferguson zofiira zimene zadzaza m'maesiteti athu. Lero kaya mugule Kubota ya ku Japan, Mahindra kapena Sonalika za ku India, John Deere kapena New Holland, kumbuyo mupeza mikono itatu yomweyo.

Nzeru yake ndi iyi. Pulawo ikafika pa nthaka yolimba, imakankha mkono wapamwamba uja. Mkonowo umauza valavu, valavu imakweza pulawo pang'ono, kulemera kwa pulawo ndi dothi kumatsamira pa matayala akumbuyo, matayala amagwira nthaka, ndipo pakafewa pulawo imabwerera pamalo pake. N'chifukwa chake kathalakitala kopepuka kamatha kulima ngati yaikulu. Pambali pa mpando mupeza ndodo ziwiri. Ina imalembedwa draft, ndiyo ya zida zolowa m'nthaka monga pulawo, ridger ndi ripper. Ina imalembedwa position, ndiyo ya zida zoyenda pamwamba monga chotchetchera udzu, chomwazira feteleza, kapena mukamayenda pamsewu chida chili m'mwamba. Ndaona madalaivala ambiri amene sanauzidwepo kusiyana kwa ndodo ziwirizi. Amalima matayala akuterereka, dizilo akupsa, mizere ikutuluka ina yakuya ina yosaya, kenako amati thalakitala ilibe mphamvu. Mphamvu ilipo, koma munthu sanaphunzitsidwe. Eni mathalakitala, musanapereke kiyi kwa mphwanu chifukwa choti amayendetsa minibasi, mutumizeni akaphunzire kwa amene amalima. Kuyendetsa pamsewu ndi kulima ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Chida chikhale cha msinkhu wa thalakitala. Ya 35 kapena 40 horsepower imakoka bwino pulawo ya madisiki awiri. Mukaimangirira ya atatu pa katondo wouma kapena pa makande a ku Chigwa cha Shire, mukupha kalachi ndi pampu. Mapini nawonso ali ndi misinkhu: mathalakitala ang'onoang'ono ambiri ndi a Category 1, mapini apansi mamilimita 22, lapamwamba mamilimita 19. Pini likatayika gulani pini, osati kulowetsa bawuti yopindika n'kumanga ndi waya. Ndipo poti alangizi amatilimbikitsa mizere yotalikirana masentimita 75, uzani makaniko asunthe matayala kuti atalikirane masentimita 150, aziyenda m'makwawa osaponda mizere.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa nthaka ndimaikonda. Kukhala ndi thalakitala sikutanthauza kutembenuza munda chaka chilichonse. Pulawo ikamadutsa pa kuya komweko chaka ndi chaka, pansi pake pamapangika chikhakha cholimba chimene mizu ndi madzi zimalephera kuboola. Ripper imang'amba chikhakhacho popanda kugubuduza dothi lonse, ndipo imadya dizilo wochepa. Pamalo otsetsereka tsatirani akalozera. Thalakitala yolima motsata kutsetsereka imatha kukumba ngalande msanga kwambiri kuposa khasu.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Gawo lino ndikupempha kuti amene ali pafupi ndi wailesi aitane woyendetsa, aitanenso amayi ndi ana, chifukwa ndi la moyo.

Paipi ya hydraulic ikabooka kabowo kakang'ono, oyilo amatuluka ngati singano, nthawi zina osaoneka n'komwe. Munthu amayendetsa chala pa paipi kufufuza podontha, ndipo oyilo amaboola khungu n'kulowa m'thupi. Bala lake limaoneka ngati walasidwa ndi kaminga, poyamba silipweteka kwambiri, munthu amapitiriza ntchito. Koma mkati oyilo akuwononga mnofu, ndipo akachedwa, chala kapena dzanja limadulidwa. Pofufuza podontha gwiritsani ntchito kachidutswa ka katoni, dzanja likhale kutali. Ngozi ikachitika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo kawauzeni adokotala momveka kuti oyilo wa makina walowa ndi mphamvu pansi pa khungu, chifukwa bala lotere limafuna opaleshoni mwamsanga. Musanamasule paipi iliyonse, tsitsani chida pansi, zimitsani injini, kenako yendetsani ndodo kutsogolo ndi kumbuyo kangapo kuti mphamvu yotsalira ithe.

Chilichonse chimene chakwezedwa ndi oyilo chingagwe. Paipi ikaphulika, kapena mwana akagwira ndodo, ngolo yodzaza mchenga imatsika m'kuphethira kwa diso. Musalowe pansi pa ngolo yokwezedwa, pansi pa pulawo kapena chifosholo, popanda kuchirikiza ndi chitsulo chake kapena mtengo wolimba. Mukaweruka, chida chilichonse chigone pansi, kiyi ikhale m'thumba.

Chifosholo chakutsogolo ndi chida chokoma kwambiri, chimagwira ntchito ya anthu ambiri pokweza manyowa, koma chimasintha kaimidwe ka thalakitala. Katundu akakhala m'mwamba, kachulu kakang'ono kapena dzenje ndi zokwanira kuigubuduza. Yendani chifosholo chili pansi, mwapang'onopang'ono, ndipo kumbuyo kukhale cholemera, kaya pulawo kaya bokosi la konkire. Munthu asakwere m'chifosholo, ngakhale pothyola mango kapena pokhoma denga. Chitsulo chopindika chija chimene chimaima pamwamba pa mpando musachichotse poti chikukodwa m'nthambi. Ntchito yake ndi kukusiyirani mpata thalakitala ikagubuduka, ndipo chimathandiza pokhapokha mutamanga lamba. Pokoka galimoto yotitimira kapena chitsa, tcheni chimangidwe pa chitsulo chokokera chapansi chokha. Mukamanga pamwamba, pamene pamalowa mkono wachitatu, mwabwezera ngozi ija Ferguson anathetsa, ndipo thalakitala imagwa chagada pasanathe masekondi awiri.

Pali chitsulo china chozungulira kumbuyo, chotchedwa PTO, chimene chimayendetsa makina opukusira chimanga, pampu yothirira ndi chotchetchera. Chimazungulira ka 540 pa mphindi, kutanthauza ka 9 pa sekondi imodzi. Nthawi yopukusa chimanga amayi amakhala pafupi, akuthira ndi kuwola. Nsonga ya chitenje, mpango kapena malaya osapisira zikangokhudza, palibe amene angathamange kukazimitsa nthawi ikadalipo. Chivindikiro chapulasitiki cha chitsulochi chikasweka, ntchito iime mpaka chigulidwe china. Aliyense azizungulira, osadumpha pamwamba pake. Ana asakwezedwe pambali pa woyendetsa. Mpando ndi umodzi. Pamsewu, mabuleki awiri a thalakitala alumikizidwe kuti azigwira limodzi, ndipo ngolo ikhale ndi magetsi ndi zonyezimira. Amene amayenda usiku pa msewu wa M1 amadziwa mantha oona ngolo yakuda ikutulukira patsogolo mwadzidzidzi.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Tibwerere ku funso lanu lija la kugula. Ine langizo langa ndi lakuti mtundu wabwino ndi umene zipangizo zake mungazipeze ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu sabata yomweyo, ndipo makaniko wakudera kwanu amaudziwa. Thalakitala yotchipa imene sefa yake muyenera kuitanitsa kunja idzakudyerani nyengo yonse. Ngati ndi yogwirapo kale ntchito, kaioneni m'mawa injini isanatenthedwe. Mangirirani pulawo, ikwezeni, zimitsani injini, n'kudikira. Ikamatsika mukuona, mkati mukudontha. Solorani kandodo koyezera oyilo muone mtundu wake. Kenako kailimitseni ola lathunthu, chifukwa pampu yotopa imanyamula bwino oyilo akadali wozizira, n'kufooka akatentha. Wogulitsa akakana zimenezi, bwererani ndi ndalama zanu.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ambiri mwa ife minda yathu sikwana ngakhale hekitala imodzi, ndipo nyengo yolima ndi masabata ochepa chabe. Thalakitala yongolima munda wa mwini wake n'kukagona miyezi khumi siingabweze ndalama zake. Apa m'pamene zida za hydraulic zimaonetsa phindu. Mukamaliza kulima ndi kuunga mizere, ngolo ituta manyowa ndi feteleza. Nthawi yokolola ituta chimanga, soya, mtedza ndi mabelo a fodya. M'miyezi ya June ndi July ipukusa chimanga. M'chilimwe ipopa madzi kudimba, ituta njerwa, mchenga ndi miyala, isalaza msewu wa m'mudzi. Musanagule, khalani pansi mulembe miyezi yonse 12, ndipo pa mwezi uliwonse mulembe ntchito ndi amene adzalipire. Miyezi yopanda kanthu ikachuluka, kubwereka kukhoza kukupindulirani kuposa kugula, ndipo palibe manyazi pamenepo.

Polipiritsa, ambiri amangowerengera dizilo ndi dalaivala, zotsalazo n'kumati phindu. Ayi. M'ndalama imeneyo muli oyilo, masefa, girizi, matayala, madisiki amene akutha, ndi thalakitala ina imene mudzagule ino ikadzakalamba. Gawo limenelo lizipita ku akaunti yakeyake, lisakhudzidwe ndi maliro kapena ukwati. Minda ya ganyu muziisonkhanitsa mudzi ndi mudzi, mogwirizana ndi amfumu, kuti musamawotche dizilo pamsewu kuthamangira theka la ekala uku, theka lina kutsidya. Eni minda azule zitsa ndi kuika zizindikiro pa miyala musanafike.

Kwa makopaletivi, chimene ndaona chikupha mathalakitala a gulu ndi kusowa mwini. Aliyense amafuna alimiridwe poyamba, palibe amene amakumbuka girizi. Sankhani woyendetsa mmodzi, womuthandiza mmodzi, ndi buku limodzi. M'bukumo muzilembedwa tsiku, munda wa ndani, maola a pa mita poyamba ndi pomaliza, malita a dizilo, ndi tsiku limene oyilo ndi masefa zinasinthidwa. Thalakitala siwerenga makilomita, imawerenga maola. Yatsopano imafuna kusinthidwa oyilo ndi masefa ikakwanitsa maola 50 oyambirira, ndipo mapini a chifosholo amafuna girizi pa maola 10 aliwonse, ndiye kuti tsiku lililonse la ntchito. Bukulo liziwerengedwa pamsonkhano, pamaso pa mamembala onse, amayi ndi abambo. Ndipo amayi ndi atsikana amene akufuna kuphunzira kuyendetsa apatsidwe mpata; hydraulic inabwera kuti ntchito isadalirenso kukula kwa mikono.

Nthawi yathu yatha. Inu amene muli ndi thalakitala pakhomo, mawa m'mawa musanaike kiyi, tengani kansalu koyera, pukutani pothirira, solorani kandodo muone oyilo wanu ali bwanji, yang'anani pansi ngati padontha, ndipo botolo lodula lija mulitaye. Inu amene mukuganiza zogula, lembani kaye miyezi 12 ija, mukaonetse alangizi a zaulimi a kudera kwanu. Mafunso anu pitirizani kutitumizira. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.

(Kanyimbo kotsekera)